Kaundula wa Dzulo Anafafaniza Thukuta la Anthu Akwathu

Abale ndi alongo amene mumadya za makompyuta, makamaka inu achinyamata amene mwangopatsidwa kumene makiyi a seva kuntchito kwanu, ndili ndi mawu. Nkhaniyi ndinakhala nayo m'mimba nthawi yaitali chifukwa cha manyazi, koma akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndinafafaniza malipiro a alimi ndi asodzi a kumudzi kwathu ndi chala changa chimodzi, popanda wondikakamiza, popanda wakuba wolowa m'makina athu. Chinandigwetsa ndi kafayilo kakang'ono kamene ndinkalemba ndekha, kamene ndinkakakhulupirira kuposa makina enieniwo.

Kwathu ndi ku Chipera, m'boma la Maravia, kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa. Damu la ku Songo, limene linamalizidwa mu 1974 ndipo lili ndi mphamvu yotulutsa magetsi okwana mamegawati 2,075, ndi lathu lomwe m'chigawo cha Tete, komabe ife tinakula tikuwerenga ndi koloboyi. Kompyuta ndinaigwira koyamba nditapita kusukulu mumzinda wa Tete, ndili kale mnyamata wa ndevu. Choncho nditapeza ntchito yoyang'anira makina pa kampani ina yogula zokolola, ndinaigwira ndi manja awiri komanso ndi mantha aakulu. Tsiku lililonse ndinkaopa kuti abwera wina wophunzira kuposa ine n'kundichotsa pampando. Mantha amenewo muwasunge m'mutu, chifukwa ndiwo muzu wa zonse zimene ndikuuzeni.

Kampaniyo inkagula chimanga, chitowe ndi nsomba zouma m'maboma a kumpoto kwa Zambezi. Wogula kumudzi amayeza katundu pasikelo, n'kulemba lisiti m'buku lokhala ndi pepala la kaboni, lina kwa mwini katundu, lina lotsala m'buku. Akapeza netiweki amatumiza dzina, makilo ndi mtengo kudzera pa foni, ndipo zonse zimakalowa mu database ku ofesi. Ofesi imalipira kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola potsata zimene zili mu database imeneyo. Dzina lako likasowa mmenemo, kwa akauntanti wa ku Tete ndiye kuti sunagulitse kanthu, ngakhale matumba ako atakhala kuti anafika kale m'nyumba yosungira katundu.

Ndalama zogulira maseva ambiri kunalibe. Tinali ndi seva imodzi yokha yolimba, ndipo inkayenda ndi FreeBSD. Chimene chimapangitsa seva imodzi kugwira ntchito ya maseva khumi pa FreeBSD ndi ma jail. Njirayi anaiyambitsa Poul-Henning Kamp wa ku Denmark, ndipo inatuluka koyamba mu FreeBSD 4.0 m'chaka cha 2000, zaka zoposa khumi Docker isanamveke. Jail ndi chigawo chotsekeredwa m'kati mwa seva, chokhala ndi mafayilo akeake, dzina lake, adiresi yake ya IP ndi root wake. Pulogalamu imene ili mmenemo imaona ngati ili pakompyuta yakeyake, koma singaone kapena kukhudza za m'chigawo china. Ife tinaika database mu jail yake, tsamba la ogula mu ina, makalata a ofesi mu ina, ndi zina zingapo zoyeserera zinthu zatsopano tisanazipereke kwa anthu.

Poyang'anira ma jail amenewa tinkagwiritsa ntchito iocage, chida chimene FreeNAS inachitenga kukhala chake mu 2018. Chimakhazikika pa ZFS, njira yosungira mafayilo yochokera ku Sun Microsystems imene inalowa mu FreeBSD 7.0 mu 2008. Ubwino wa ZFS ndi woti imatha kujambula snapshot, ndiye kuti kusunga mmene zinthu zilili panthawi imeneyo, ndiponso kutulutsa kope ya jail yathunthu m'kanthawi kochepa. Mukakonza template imodzi, jail yatsopano imabadwa madzi a tiyi asanawire, ndipo kuifafaniza n'kosavuta chimodzimodzi. Apa ndiye panali msampha umene sindinauone. Zinthu zimene zimabadwa ndi kufa mwachangu chonchi sizingalondoledwe ndi munthu wolemba pamanja.

Chida chachitatu chinali Ansible, chimene Michael DeHaan anachitulutsa mu 2012 ndipo Red Hat inachigula mu 2015. Ndi Ansible mumalemba malangizo kamodzi m'fayilo lotchedwa playbook, kenako iyo imalowa m'makina onse kudzera pa SSH n'kukachita zimene mwalemba: kuika pulogalamu, kusintha makonzedwe, kuyambitsa ntchito ya usiku yosunga makope. Koma Ansible payokha sidziwa kuti makina anu ndi ati. Imafuna inventory, amene ndi kaundula wa mayina, maadiresi ndi magulu a makinawo. Playbook imanena kuti chakutichakuti chichitike pa gulu lakuti, ndipo kaundulayo ndiye amayankha kuti m'gululo muli ndani. Ansible sikayikira kaundula. Zimene zalembedwamo imazitenga kuti ndi zoona.

Kaundula wathu ndinkalemba ine, pamanja. Linali fayilo la mizere yochepa: dzina la gulu pamwamba, pansi pake dzina la jail ndi adiresi yake. Ndikapanga jail yatsopano ndinkayenera kuwonjezera mzere, ndikafafaniza ndinkayenera kuchotsa. Masiku a mtendere ndinkachitadi zimenezo. Koma nthawi yogula zokolola, foni ikulira, a shefi akufuna lipoti, magetsi akuthimathima, ndinkadziuza kuti ndikonza madzulo, madzulo n'kukhala mawa.

Tinali ndi mtsikana wina amene anabwera kudzaphunzira ntchito atamaliza sukulu. Anali wachete koma wa maso akuthwa. Tsiku lina anayerekeza fayilo langa ndi zimene iocage inkaonetsa, n'kubwera pa tebulo panga.

"Akulu, mizere iwiri apa sikugwirizana ndi zimene zili pa seva. Bwanji Ansible izifunsa yokha kwa iocage nthawi iliyonse? Ndawerenga kuti zimatheka."

Ndinamuyankha mosayang'ana n'komwe. "Achemwali, seva iyi ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Inu phunzirani kaye kukonza pulinta."

Anabwerera pampando wake osanenanso kanthu. Lero ndikamakumbukira mawu amenewo thupi limandizizira. Sindinakane chifukwa choti maganizo ake anali olakwika. Ndinakana chifukwa ndinaona kuti kaundula akamadzilemba yekha, chimene chinkandipangitsa kukhala wofunika pa ofesipo chichepa. Malinga ngati zoona za seva zinali m'mutu mwanga mokha, palibe akanandichotsa. Ndinasandutsa chisokonezo kukhala mpanda wotetezera ntchito yanga.

Bodza linalowa m'kaundula mwakachetechete. Panali jail ina yoyeserera imene tinamaliza nayo ntchito, ndipo ndinaifafaniza pa iocage koma mzere wake ndinausiya m'fayilo, m'gulu la mayeso. Patapita nthawi, database yeniyeni inayamba kulemera, ndipo ndinaisamutsira mu jail yatsopano. Posankha adiresi ndinayang'ana zimene zinali zopanda mwini pa seva, n'kutenga yomweyo ya jail yoyeserera ija. Ntchito inayenda bwino, ogula anapitiriza kutumiza makilo awo, ine n'kupita kunyumba. Jail yatsopanoyo sindinailembe m'kaundula. Kuyambira tsiku limenelo fayilo langa linali ndi mabodza awiri. Linkasunga dzina la jail yakufa likuloza pa adiresi ya jail yamoyo, ndipo jail yamoyoyo, imene inanyamula malipiro a anthu, silinkaidziwa n'komwe.

Panali mlonda mmodzi amene akanandichenjeza. SSH imakumbukira kiyi ya makina aliwonse amene munalowamo, ndipo ikapeza kuti pa adiresi yomweyo pali makina ena, imakana kulowa. Koma machenjezo ake ankandisowetsa mtendere pamene ndinkapanga ndi kufafaniza ma jail pafupipafupi, choncho ndinali nditazimitsa kale mwa kulemba host_key_checking kukhala False. Kuwonjezera apo, ma jail onse ankachokera pa template imodzi, okhala ndi dzina lolowera limodzi ndi kiyi yanga yomweyo. Khomo lililonse linali lotsegula kwa ine.

Linali tsiku logwira ntchito wamba, chakumadzulo, kukutentha monga kumachitira ku Tete. Tinkafuna kuyesa mtundu watsopano wa pulogalamu ya ogula, ndipo ndinali ndi playbook yokonzera malo oyeserera: imafafaniza database yonse ya PostgreSQL n'kuikamo mayina ndi makilo ongopeka. Ndinailozetsa ku gulu la mayeso, n'kudina. Ansible ikamagwira ntchito imaonetsa mizere yamitundu, yobiriwira pamene zonse zili kale bwino, yachikasu pamene yasintha kanthu, yofiira pamene yalephera. Ndinaona mizere yachikasu ikutsika bwinobwino, wofiira panalibe ngakhale umodzi. Pakati pake ndinaona dzina la jail ija ndinaifafaniza kale likuyankha ngati yamoyo. Mtima unagunda kamodzi, koma ndinadziuza kuti mwina ndinaiwala kuifafaniza. Ndinatseka laputopu.

M'mawa mwake akauntanti anandiitana. Pa sikirini yake panali mayina amene ndinapeka ndekha, anthu osakhalako, aliyense ali ndi makilo ozungulira bwino. Mayina a alimi enieni kunalibe.

Ndinathamangira kumakope a usiku, ndikudzilimbitsa mtima kuti titaya za tsiku limodzi lokha. Apa ndi pamene bodza lachiwiri linandipeza. Ntchito yosunga makope usiku uliwonse inkaikidwa ndi Ansible pa ma jail olembedwa m'gulu la zenizeni, ndipo jail yatsopano ija sinali m'gulu lililonse. Chisamutsireni database, panalibe kope ngakhale imodzi imene inasungidwa. Chimene ndinapeza ndi snapshot imodzi ya ZFS imene ndinajambula pamanja tsiku losamutsa. Zonse zimene zinalowa pambuyo pake, pakati penipeni pa nyengo yogula, zinali zitapita.

Ndikuuzeni zoona, ganizo loyamba limene linandibwerera linali lonamizira magetsi. Kuthima kwa magetsi kumasenza milandu yambiri m'maofesi mwathu, ndipo palibe akanatsutsa. Ndinakhala m'kachipinda ka seva ndikukonza bodzalo m'mutu. Chinandiletsa ndi mtsikana uja. Anali ataima pakhomo, ndipo ndinadziwa kuti iye akudziwa. Sananene kanthu, koma ndinaona kuti ndikanama, ndimuphunzitsa kuti ntchito imeneyi imagwiridwa chonchi. Ndinapita kwa a shefi n'kuwauza kuti ndafafaniza ndine, ndiponso kuti ndinachenjezedwa koma ndinakana kumva. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati malipiro onse aimitsidwa mpaka lisiti lililonse litapezeka, ndipo wokatolera mabuku a malisiti ku Maravia ndine ndemwe.

Ndinakwera minibasi ya chapa, kuwoloka mlatho wa Samora Machel, kulowera msewu wa kumpoto mpaka pa Bene pamene pamapatukira msewu wa ku Fingoè ndi Zumbo, kwinako n'kumalizira pa njinga yamoto. Kwathu ndinkafikako ngati mwana wopambana, wa makompyuta wa ku Tete. Ulendo uno ndinafika ngati mwini mlandu. Pamalo ogulira anthu anali atakhala pansi pa mtengo, ena atayenda mtunda wautali kudzafunsa chifukwa chimene foni zawo sizinalire. Wogula wathu anatulutsa mabuku m'katoni ya sopo. Masamba ena anali atanyowa ndi mafuta a nsomba, kaboni atafufutika moti 3 ndi 8 sizinkasiyana. Tinkaitana dzina limodzilimodzi, mwini wake n'kutulutsa lisiti lake m'kathumba ka pulasitiki kapena pamfundo ya chitenje, ife n'kuyerekeza. Amene anataya lisiti ankafunika mboni ziwiri ndi mawu a amfumu.

Pamzere umenewo panali amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene anagulitsa mbuzi kuti ine ndipite kusukulu. Atafika patsogolo ndinagwada pang'ono n'kuyamba kufotokoza za seva ndi kaundula. Anandidula.

"Mphwanga, za makina akozo ine sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti matumba anga anakwera galimoto ndikuona ndi maso anga. Azakhali ako akudikira ndalama imeneyi kuti apite kuchipatala."

"Pepani amalume, ndalakwa ndine."

"Kupepesa ndamva. Lemba bwino tsopano."

Anapereka lisiti lawo, lopindidwa kanayi, n'kukakhala pansi pamodzi ndi anzawo osandiyang'ananso. Ndalama zawo analandira, koma mochedwa, ndipo alipo ena amene ndikukhulupirira kuti analandira zochepera pa zimene anayenera chifukwa pepala silinkawerengeka. Ngongole imeneyo sindingathe kuibweza, chifukwa sindidziwa n'komwe kukula kwake.

Nditabwerera ku Tete ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa mtsikana uja. "Achemwali, zija munanena zija, tandionetsani." Anatsegula laputopu yake, ndipo ndinapeza kuti anali atayamba kale kulemba payekha, akungodikira tsiku limene ndidzafunse.

Nzeru yake ndi yosavuta. Kwathu mbuzi timaziwerenga madzulo pakhomo la khola, zikulowa, osati kuchokera pa chiwerengero chimene tinasunga m'mutu mwezi watha, chifukwa pakatipo ina yaswa, ina yagulitsidwa, ina fisi watenga. Pa seva yathu, woima pakhomo la khola ndi iocage. Palibe jail imene imabadwa kapena kufa popanda kudutsa m'manja mwake. Mukalamula iocage list ndi chizindikiro cha -l, imakupatsani tebulo la jail iliyonse: dzina, nambala yake ya JID, ngati ili yoyaka kapena yozima, mtundu wa FreeBSD umene ili nawo, adiresi yake ndi template imene inachokera. Zonse zimene ndinkavutika kukopera pamanja zinali pamenepo, zatsopano nthawi iliyonse.

Ansible imalola kuti m'malo mwa fayilo lolembedwa, muipatse pulogalamu yoti iziyendetsa. Imaiitana ndi mawu oti --list, ndipo pulogalamuyo imayenera kubweza magulu, mayina ndi zofunika za makina aliwonse mu JSON. Skiripiti yathu yoyamba inali ya Python, yaifupi: imalowa pa seva, imafunsa iocage, imasandutsa tebulo lija kukhala JSON. Kuyambira mu Ansible 2.4 ya 2017 palinso njira ya ma plugin, ndipo kumapeto kwa 2024 gulu la community.general linawonjezera plugin ya iocage yeniyeni mu mtundu wa 10.2.0. Itatuluka tinasiya skiripiti yathu. Tsopano tili ndi kafayilo kamodzi ka YAML, dzina lake lothera ndi iocage.yml, kamene kamangonena seva yofunsidwa, dzina lolowera, ndi malamulo opangira magulu. Dzina la jail ngakhale limodzi mulibemo. Lamulo lina limati adiresi yolowera itengedwe pa iocage_ip4, lina limati ma jail oyaka okha ndiwo alowe m'gulu logwirirapo ntchito, lina limawagawa potsata mtundu wa FreeBSD kuti tidziwe amene atsalira m'mbuyo pa zigamba za chitetezo.

Funso lovuta linali lakuti iocage idziwa bwanji kuti jail iyi ndi yoyeserera, iyo ndi yeniyeni. Yankho tinalipeza pa malo otchedwa notes amene jail iliyonse ili nawo. Popanga jail timalembapo nthawi yomweyo kuti gulu lake ndi mayeso kapena zenizeni, ndipo kaundula amawerenga pamenepo. Chizindikirocho chimakhala pathupi pa jail yeniyeniyo. Ikafafanizidwa chimapita nayo limodzi, ndipo jail ina ikadzatenga adiresi yake sitengera dzina la wakufayo. Ngozi yanga ija, mwa njira imeneyi, ilibe polowera. Jail imene yapangidwa popanda chizindikiro imagwera m'gulu lapadera limene playbook yofafaniza siikhudza, koma playbook yosunga makope imaikhudza, ndipo m'mawa uliwonse timalandira uthenga wotiuza kuti pali mlendo wosalembedwa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mavuto anathera pomwepo, koma ndingakhale ndikukunamizani. Ndinayamba kukhulupirira kaundula watsopanoyu mwakhungu ngati mmene ndinkakhulupirira wakale uja, ndipo anandiphunzitsanso. Usiku wina netiweki ya pakati pa makina oyendetsa Ansible ndi seva inaduka. Kaundula sanapeze womufunsa. Ansible ikalephera kuwerenga kaundula, mwachibadwa chake imangopereka chenjezo n'kupitiriza ndi mndandanda wopanda kanthu. Playbook yosunga makope inapeza kuti palibe makina oti igwirepo, inadumpha zonse, n'kumaliza ngati yapambana. Zimenezi zinabwerezeka mausiku angapo chingwe chisanakonzedwe, ife tikugona mtima uli m'malo. Anazindikira ndi mtsikana yemwe uja poona kuti madeti a makope sakusuntha. Ulendo uno sitinataye kanthu, koma tinaphunzira kutsegula lamulo la any_unparsed_is_failed, limene limachititsa Ansible kuima ndi kukuwa kaundula akalephereka, ndipo tinawonjezera ntchito yoyamba yoona ngati jail ya database ilipo pamndandanda zina zonse zisanayambe.

Palinso tinthu tina timene tinakhumudwapo. Kaundula wofunsa nthawi iliyonse amachedwerapo, makamaka mukamuuza kuti atenge makonzedwe onse a jail iliyonse, ndipo Ansible imakupatsani mwayi wosunga yankho mu cache kuti lisafunsidwenso. Cache yokhalitsa ndi fayilo langa lakale lija lovala malaya atsopano, choncho yathu ndi ya mphindi zochepa, ndipo pa ntchito yofafaniza timaitaya kaye ndi --flush-cache. Jail yolandira adiresi kudzera pa DHCP siionetsa adiresi ikakhala yozima, ndipo kuiwerenga ikayaka kumafuna mphamvu za root, choncho dzina lofunsira tinalipatsa chilolezo cha lamulo loonetsa mndandanda lokha, osati iocage yonse. Nambala ya JID imasintha jail ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso, ndiye musamangirepo kanthu. Ndipo kumbukirani kuti aliyense amene angathe kulemba pa notes ndiye akulamula kumene playbook yanu ipite. Mphamvu imene inali m'fayilo yasamukira pamenepo, ndipo iyenera kulondedwa.

Mlonda wa SSH uja ndinamuzimitsa tinamudzutsanso. Timaonetsetsa kuti jail iliyonse imadzipangira makiyi ake a SSH ikayaka koyamba, ndipo chenjezo la kiyi yosintha tsopano timaliona ngati mawu ofunika kuwamvera. Playbook iliyonse yotha kuwononga imayamba yayang'ana m'kati mwa jail ngati muli kafayilo kotsimikiza kuti ndi yoyeserera, ndipo ikapanda kukapeza imakana. Tisanayendetse chilichonse choopsa timaona kaye mndandanda wa makina amene akhudzidwe ndi --list-hosts, kenako timayesa ndi --check, ndipo anthu awiri amawerenga zotulukazo. Kamodzi pamwezi timatenga kope ya usiku n'kuibwezeretsa mu jail yoyeserera, chifukwa kope imene simunayesepo kuibweza simungaidalire.

Mwina inu simugwiritsa ntchito iocage. Ena ali ndi Bastille, ena ezjail yakale ija, ena amalemba okha jail.conf. Mfundo sisintha. FreeBSD yeniyeniyo ili ndi lamulo la jls limene limaonetsa ma jail oyaka ndipo limatha kutulutsa JSON. Amene muli pa Linux ndi Proxmox, Docker kapena makina obwereka pa intaneti, Ansible ili ndi ma plugin ofunsa kumeneko. Paliponse pali chida chimodzi chimene chimapanga ndi kufafaniza makina, ndipo chimenecho ndicho chiyenera kuyankha funso lakuti alipo ndani. Mndandanda wachiwiri uliwonse wosungidwa pambali udzasiyana ndi woyamba tsiku lina, ndipo sudzakuuzani kuti wasiyana. Safunsa adadya phula.

Koma ndikanangokuuzani za ma plugin ndi malamulo, ndikanabisa chenicheni. Nzeru yopewera ngoziyi inali mu ofesi mwathu ngozi isanachitike, inabwera pa tebulo panga ndi miyendo yake, ine n'kuibweza chifukwa inachokera kwa wamng'ono komanso chifukwa inkaopseza ulemu wanga. M'maofesi ambiri a kuno kwathu muli munthu mmodzi wa makompyuta amene amasunga mapasiwedi, maadiresi ndi njira zonse m'mutu mwake, ndipo amaganiza kuti kumeneko ndiko kutetezeka. Ndinali munthu ameneyo. Mtengo wa kutetezeka kwanga analipira ndi anthu amene sanaonepo seva, amene amangodziwa sikelo, lisiti ndi kulira kwa foni. Mzere uliwonse mu database ija unali munthu amene analima, kupalira, kukolola ndi kusenza, kapena amene anagona pamadzi usiku wonse. Ife amene timakhala m'zipinda zozizira timaiwala msanga zimenezi, chifukwa pa sikirini munthu amaoneka ngati nambala.

Ntchito sanandichotse, ngakhale anali ndi chifukwa chokwanira. Mtsikana uja analembedwa ntchito yokhazikika, ndipo lero kusintha kulikonse kumene ndikufuna kuchita pa seva kumadutsa m'maso mwake, kwakenso kumadutsa mwanga. Ndikapita kumudzi kumaliro kapena kukaona amayi, foni siilira, chifukwa zonse zimene ndinkasunga m'mutu zili polembedwa ndipo seva imadzifotokoza yokha kwa aliyense woifunsa. Chimene ndinkaopa kuti chindichepetsa ndicho chinandipatsa tulo.

Tsono pempho langa kwa inu ndi ili, ndipo musalisiyire mawa monga ndinkachitira ine. Lero lomwe, tsegulani mawindo awiri pa sikirini yanu. Kwina lamulani ansible-inventory --graph, kwinako funsani chida chimene chimayang'anira ma jail kapena makina anu. Werengani mzere ndi mzere, dzina ndi adiresi. Mukapeza ngakhale umodzi wosiyana, musayendetse playbook iliyonse mpaka mutadziwa chifukwa chake, ndipo mukatero musangokonza mzerewo, chotsani dzanja lanu pa kaundulayo kuti azidzilemba yekha. Kenako itanani wamng'ono wa mu ofesi mwanu, amene mumamutuma kukonza pulinta, mumufunse chimene waona chimene inu simunachione, ndipo akayamba kulankhula mumumvere mpaka amalize.